Dzina la Achemwali Linachoka pa Sopo Chifukwa cha Ine

1

Pali anthu awiri amene masiku ano sinditha kuwayang'ana m'maso: amuna anga ndi achemwali anga. Awa ndimagona nawo nyumba imodzi, awo anandilera. Kwa pafupifupi chaka anthu awiriwa ankalozana zala chifukwa cha sopo, mpaka nkhani inakafika kukhoti, ndipo munthu amene ankadziwa pamene panayambira moto anali ine. Ndinkakhala pakati pawo ndi cholembera m'manja, kumalemba zimene akunena, pakamwa nditatseka.

Musafulumire kundimvera chisoni. Werengani kaye.

Makolo athu anamwalira motsatizana ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Achemwali, omwe amandiposa ndi zaka khumi ndi ziwiri, anasiya sukulu n'kuyamba kupanga sopo m'kashedi kuseri kwa nyumba. Ndinakula ndi fungo la mafuta owira, migolo iwiri yakuda bii, mabokosi amatabwa othiramo sopo, ndi waya wodulira amene ankandicheka zala Loweruka lililonse. Yunifolomu yanga, nsapato zanga, kozi yanga yotayipa, zonse zinatuluka m'migolo imeneyo.

Amayi ochapa zovala ankamukonda sopoyo chifukwa sankalimbana ndi khungu. Unkachapa kuyambira m'mawa mpaka madzulo manja ali bwinobwino. Iwowa ndi amene anawapatsa achemwali dzina loti Mayi Thovu, ndipo dzinalo linawamata moti ukawaitana ndi dzina lawo lenileni ankayamba acheuka kuti aone ngati ukuitana wina. Alibe mwamuna, alibe mwana. Dzina limenelo ndi chinthu chokha chimene anamanga ndi manja awo n'kunena kuti ichi n'changa.

Ine amanditchula kuti Mzime mpaka lero, ngakhale ndili ndi ana awiri.

2

Amuna anga ali ndi kafakitale kopanga makandulo ndi polishi wapansi. Ndi munthu wabwino, zimenezo ndinene poyera, koma ndi munthu wa makina. Amatha kumva kuti lamba wa injini wakhwepa ali kunja kwa geti, koma mkazi wawo atameta mpala angazindikire patatha sabata. Ine ndinkagwira ntchito muofesi yawo, ndipo ankanditchula kuti Sekeletale, kuntchito ndi kunyumba komwe.

Tsiku lina anabwera ndi maganizo.

"Alamu akuvutikiranji ndi migolo iwiri pamene ine makina amangokhala theka la tsiku? Atipatse chilolezo, sopo wawo tizipanga ife."

Achemwali anakayika. Titakhala muofesi ya loya, funso limodzi analifunsa kawiri konse.

"Ndiye kuti ndikugulitsa dzina langa?"

"Ayi mayi," anatero loyayo. "Dzina ndi lanu, kapangidwe ndi kanu. Alamu anuwa mukungowabwereketsa kwa zaka zisanu. Nkhope yanu ikhala pa pepala lokutira sopo, gawo lanu muzilandira. Iwo lamulo lawo ndi limodzi, asasinthe kapangidwe ngakhale pang'ono."

"Akasintha?"

"Mumalanda chilolezo chanu."

Panatsala chinthu chimodzi. Miyezo ya achemwali inali m'kabuku kawo kamafutamafuta: mabotolo akutiakuti a mafuta, makapu akutiakuti a kositiki, mankhwala oyera aja amene amalimbitsa sopo koma ukachulutsa amawotcha khungu. Makina sadziwa kapu. Pankafunika tsamba lomaliza la mgwirizano, lolembedwa m'magalamu.

Amuna anga anandipatsa kasikelo.

"Sekeletale, Lachinayi upite kwa alamu. Mukayeze chilichonse limodzi, ulembe. Usathamange, tenga tsiku lonse."

Lachisanu m'mawa tsambalo linali pa desiki pawo, lotayipidwa bwino, lopanda pofufuta. Loweruka ndinapita nalo kwa achemwali. Ndinawapeza akuvundula mumgolo, thukuta lili kamukamu. Anapukuta dzanja pa epuloni n'kusayina osawerenga.

"Walemba ndiwe, Mzime. Chingerezi cha maloya ndichitenji nacho ine?"

3

Miyezi yoyamba tinamwa wamkaka. Sopo wa kufakitale ankatuluka wolimba, woyera kuposa wa m'shedi, ndipo nkhope ya achemwali, ikumwetulira mwamanyazi, inadzaza m'mashelefu a magolosale. Ana anga akalowa m'sitolo ankakuwa, "Amayi aakulu awo!" ngati kuti awapeza atabisala.

Kenako Lolemba lina kunabwera mayi wina, wochapa zovala za anthu m'makomo. Sanakuwe, sanatukwane. Anangotambasula manja ake pa desiki panga. Khungu linali litasupuka, pakati pa zala pali zilonda zofiira.

"Zaka khumi ndachapira Mayi Thovu," anatero. "Mwamuchita chiyani?"

Sabata isanathe anabwera ena asanu. Magolosale anayamba kubweza makatoni. Achemwali atamva anakwera basi n'kudzafika okha kufakitale. Anatola sopo mmodzi m'katoni, kumunyowetsa, kumugunditsa kunsonga kwa lilime, n'kulavula.

"Alamu, uyu si sopo wanga. Mwachulutsa kositiki."

"Ine ndatsata pepala, alamu. Galamu ndi galamu."

"Pepala lake liti lokuuzani kuti muziwotcha anthu? Munafuna kuti aziuma msanga muzigulitsa msanga. Nkhope ili apoyo ndi yanga, si yanu!"

"Mukunditcha wakuba mufakitale yanga yomwe?"

"Mwadzitchula nokha."

Antchito anazimitsa makina kuti amve bwino. Ine ndinaima pakhomo la ofesi, manja ali lende. Tsiku limenelo ndinali ndisanadziwe kanthu, ndikulumbira. Ndinkaganiza kuti osakaniza alakwitsa, kapena amuna anga anadyadi mfulumira.

4

Makalata a maloya anayamba kudutsana. Achemwali anati akulanda chilolezo chawo. Amuna anga anati iwo sanaphwanye ndime iliyonse, ndipo ngati sopo akuwotcha ndiye kuti anapatsidwa kapangidwe kolakwika. Kunyumba dzina la achemwali linasanduka loletsedwa. Ana akafunsa kuti kwa amayi aakulu tipita liti, bambo awo ankakweza wailesi.

Patatha miyezi iwiri ndinapita kwa achemwali mozemba, kukawapempha kuti aziziritse mtima. Ndinawapeza m'shedi, atabwerera ku migolo yawo. Sopo anali mbwee m'mabokosi, wogula palibe. Anthu sankasiyanitsa wa kufakitale ndi wa m'shedi, onse anali Mayi Thovu, ndipo mumsika ena ankawaonetsa manja akamadutsa.

"Wabwera ngati mng'ono wanga kapena ngati mkazi wa munthu uja?"

"Ngati Mzime, achemwali."

"Ndiye khala apo undigwirire botolo."

Ndinakhala pa chitini cha penti monga kale. Iwo anathira mafuta, anatunga madzi, kenako anatambasula dzanja pashelefu kutenga choyezera kositiki. Ndinaona chimene anatenga. Botolo linandipulumuka n'kugwa pansi.

"Iwe, ukudwala?"

"Chizungulire chabe."

"Kapena wachitatu ali m'njira?" Anaseka, koyamba pa miyezi iwiri.

Ndinaseka nawo. Ndinatsanzika msanga, ndipo m'basi ndinalira mpaka kondakitala anandifunsa ngati kwagwa zovuta. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa amene anawotcha manja a amayi aja. Koma kuti ndinene chimenecho ndinayenera kunenanso china, chimene chikanagwetsa denga la nyumba yanga. Ndinadziuza kuti ndinena mawa. Mawa litafika ndinati ndidikire amuna anga aphwe mkwiyo. Ataphwa ndinati ndisawadzutsenso mkwiyo. Miyezi isanu ndi itatu inatha choncho.

5

Nkhani itafika kukhoti, woweruza anati anthu apachibale ayambe akambirana kaye kwa mkhalapakati, ndipo ngati n'kotheka akonze mgwirizano watsopano. Mkhalapakatiyo anali mayi wachikulire, loya wopuma pantchito, wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu amachita kugula. M'chipinda mwake munali tebulo lalitali, jagi ya madzi ndi fani yolira. Ine anandilola kukhala nawo ndi kumalemba, popeza mapepala onse a fakitale ankadutsa m'manja mwanga. Anandikhazika pakati, amuna anga kumanja, achemwali kumanzere.

"Muno si m'khoti," anayamba motero. "Muno sindifuna wopambana. Lamulo ndi limodzi, tikambirane moona mtima, popanda kampeni kumphasa. Chimene ukudziwa chiike patebulo, kaya chikukomera iwe kaya ayi. Tamvana?"

Onse anavomera. Inenso ndinagwedeza mutu ngakhale sanandifunse.

Chimene chinandipweteka n'chakuti anthu awiriwa anachitadi zimenezo. Amuna anga anabweretsa mabuku onse a kasakanizidwe, tsiku ndi tsiku, ngakhale masamba osonyeza pamene makina anavutapo. Loya wawo ankawakodola kuti ena asatulutse, iwo osamva.

"Madandaulo atayamba ndinachedwa kuimitsa ntchito masiku anayi," anatero. "Pamenepo ndinalakwa, alamu. Ndinkayesa miseche ya opikisana nawo."

Achemwali anasisita m'mphepete mwa tebulo.

"Inenso ndinakutchani wakuba pamaso pa antchito anu. Sizinayenere. Munthu amene akusunga bwino mng'ono wanga sindinayenere kumunyoza choncho."

"Mukufuna chiyani kwenikweni, mayi?" anafunsa mkhalapakati.

"Dzina langa liyere. Zina zonse tikhoza kukambirana."

"Nanga inu bambo?"

"Antchito anga asapite kwawo. Komanso ana anga akusowa amayi awo aakulu, ine ndatopa kukweza wailesi."

Onse anaseka, ndipo mtima wanga unayamba kutsika. Ndinati mwina agwirana chanza, alemba zatsopano, zakale zikwiririka zokha. Koma mayi aja anatseka fayilo n'kupinda manja.

"Zili bwino. Koma sitingamange chatsopano tisanadziwe pamene chakale chinang'alukira. Uyu akuti anatsata pepala, uyu akuti sopo wake sawotcha. Mwina nonse mukunena zoona. Sabata yamawa mayi mubwere ndi zoyezera zanu, bambo mubwere ndi sikelo, tidzayeze pompano. Kumene kudzapezeke kuti kunachokera cholakwa, mgwirizano watsopano udzalemera kumeneko."

Sabata imeneyo ndinayesa kunena katatu. Kamodzi ndinafika mpaka poti, "Bambo, pali nkhani." Iwo anatukula mutu pa mapepala awo n'kufunsa, "Ya kusukulu kwa ana?" Ine ndinati eya.

6

Tsiku litafika achemwali anatulutsa m'chikwama kabuku kawo, botolo ndi paketi ya kositiki. Pomalizira anatulutsa chivundikiro cha fulasiki, chapulasitiki chofiira, chong'aluka pang'ono m'mphepete.

"Kapu ili kuti, mayi?" anafunsa mkhalapakati.

"Ndi imeneyi."

"Ichitu n'chivundikiro cha fulasiki."

"Kwa ine ndi kapu. Yachitsulo imene ndinkayezera poyamba inabooka kalekale, Mzime atakwatiwa kale. Ndinayamba kuyezera ichi, n'kulembanso kabuku katsopano. M'kabukumu mukaona palembedwa kapu, ndi ichi."

Amuna anga anayatsa sikelo. Achemwali anadzaza chivundikiro, kusalaza pamwamba ndi kamtengo, n'kukhuthulira pambale ya sikelo. Mkhalapakati anawerenga nambala ya pa sikelo, kenako ya pa tsamba lomaliza la mgwirizano. Anawauza kuti abwereze, anabwereza katatu. Nambala ya papepala inali yaikulu. Pa makapu atatu alionse a achemwali, fakitale inkathira anayi ndi kanthu.



"Ndiye kuti bambo anatsatadi pepala, ndipo sopo wa mayi sawotchadi," anatero mkhalapakati. "Lolakwika ndi pepalali." Anatsitsa chala kumunsi kwa tsamba. "Apa palembedwa kuti miyezo iyi inayezedwa pa sikelo, tsiku Lachinayi, mwini wake ali pomwepo. Asayina mayi, wasayinanso woyeza." Anandiyang'ana. "Ndinu, eti?"

Ndisanatsegule pakamwa amuna anga anandiyankhira, monyadira ndithu.

"Ndi iyeyu. Ndikukumbukira bwino, ndinamupatsa sikelo yomweyi. Anachoka m'mawa, anabwera madzulo atatheratu, akuti alamu amuyezetsa tsiku lonse osapuma."

Achemwali anatembenuka pang'onopang'ono. Anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira ndili mwana, ndikabwera kuchokera kusukulu ndi pensulo yosakhala yanga.

7

Lachinayi limenelo kwa achemwali sindinapite.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzira kuyendetsa galimoto. Mphunzitsi wanga anali wapakamwa potsekemera, mtundu uja wa amuna amene amaona kuti wasintha ndolo. Kwa miyezi iwiri ankandiuza mawu amene ndinali ndisanawamve kwa zaka khumi, ine n'kumaseka, kumati ndi nthabwala za m'galimoto. Atamva kuti Lachinayi ndili ndi tsiku lonse lopanda wondifunsa, anati kunja kwa tauni kuli malo ena abata, okhala ndi zipinda. Sanandikakamize. Ndinakwera ndekha, ndi miyendo yanga.

M'mawa mwa tsikulo ndinaimbira achemwali kuti kuofesi kwachuluka ntchito, angojambula tsamba la kabuku anditumizire pafoni, ndikopera. Iwo sankadziwa kuti pamafunika kuyeza, ankayesa n'kukopera basi. Sikelo inaswera m'chikwama, pansi pa bedi la eni ake. Madzulo nditafika kunyumba, amuna anga ali kubafa, ndinatenga kapu ya tiyi m'kabati, kudzaza kositiki amene ndinagula m'njira, kuyeza, kulemba. Ndinati kapu ndi kapu. Ndinkakumbukira yachitsulo ija ya ubwana wanga, ndipo m'maso mwanga zinkafanana. Zoti inabooka ndinadziwa tsiku lija ndinagwetsa botolo.

Mzere wonena kuti mwini wake anali pomwepo ndinawonjezera ndekha. Loya sanaupemphe. Ndinaulemba kuti amuna anga akawerenga asakayike za kumene ndinaswera.

Mphunzitsi uja sindinapitenso naye kulikonse. Nditatenga layisensi ndinafufuta nambala yake, iyenso sanandifunefune. Linali tsiku limodzi lokha, ndipo sindinganene n'komwe kuti ndinasangalala. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma ine ndinabwera kunyumba wouma. Mvula yonse inakagwera munthu amene tsikulo anaswera m'shedi mwake akuvundula sopo.

8

"Mayi," mkhalapakati anafunsa achemwali, "mukutsimikiza kuti tsiku limeneli munayezera limodzi?"

Ndinatsegula pakamwa. Mulungu ndi mboni, ndinatsegula. Koma pansi pa tebulo phazi la achemwali linaponda langa, mwamphamvu, mpaka misozi inalengeza.

"Anabwera," anatero. "Tinayeza tsiku lonse."

"Nanga nambala inasiyana bwanji?"

"Ndine. Mwanayu ankangolemba, wowerenga pa sikelo ndinali ine. Maso angawa anayamba kale kuchita nkhungu, koma ndinkachita manyazi kunena. Ndiyenera kuti ndinamuuza nambala yolakwika."

Anthu inu, achemwali anga amalowetsa ulusi pa singano kachisisira popanda nyale.

Loya wawo anayesa kuwanong'oneza, iwo anamukankha dzanja. Amuna anga anapumira m'mwamba, kenako anachita chinthu chimene chinandimaliza. Anadzuka, kuzungulira tebulo, kudutsa kumbuyo kwanga, n'kukagwira dzanja la achemwali ndi manja awiri.

"Alamu, mwalimba mtima. Wina akanabisa. Ine ndilibe nanu chifukwa."

Kukonza mgwirizano watsopano kunatenga masabata awiri, ndipo amuna anga anayesetsadi kufewetsa zinthu. Anati amayi opsa manja aja awasamalira okha kuchipatala. Anati gawo la achemwali lisathe, kapangidwe kakhalebe kawo. Koma eni magolosale anali atanenetsa kuti Mayi Thovu sakumufunanso pashelefu, ndipo ankafuna kalata yonena amene analakwa.

"Dzina lokhalo alamu, palibe njira?" anafunsa achemwali tsiku lomaliza, motsitsa mawu.

"Ndayesa, alamu. Ndikabweretsanso nkhope yanu palibe alandire katoni ngakhale imodzi, ndipo mukamagulitsa wa m'shedi pa dzina lomwelo anthu azingokumbukira zilonda. Lipume kaye, anthu aiwale."

Zinalembedwa kuti sopo azipangidwa ndi miyezo yolondola koma pa dzina lina, nkhope ichoke, ndipo achemwali asagulitse sopo aliyense pa dzina la Mayi Thovu kwa zaka zisanu, ngakhale wa m'shedi mwawo. Kalata yopita kumagolosale inati cholakwa chinachokera kwa mwini kapangidwe, amene wavomera yekha.

Ndime yomaliza inali ya mkhalapakati. Aliyense anasayina kuti zonse zimene ananena m'chipinda muja n'zoona, ndipo amene adzapezeke kuti ananama adzataya zake zonse za mu mgwirizanowu, osadzazipezanso. Achemwali anasayina osazengereza. Wotayipa zonsezi ndinali ine.

9

Ndinawathamangira pamalo okwerera basi. Anali ataima padzuwa, chikwama chili m'khwapa.

"Achemwali..."

"Usayambe."

"Ndikawauza. Lero lomwe ndikanena zonse."

"Ukanena kuti chiyani? Kuti ine ndanama nditasayina? Ndime ija watayipa wekha, sunaiwerenge? Ukangotsegula pakamwa kapangidwe kanga kapita, gawo langa lapita, dzina silidzabweranso ngakhale zaka zisanuzo zitatha. Ana akonso azigona nyumba ziwiri. Ukhala utakonza chiyani?"



"Mwachitiranji zimenezi, achemwali?"

"Mutu ukakula sulewa nkhonya." Anayang'ana kumsewu. "Sindikufunsa kumene unali. Dzina lakenso sindikulifuna. Koma undiyankhe chimodzi. Tsiku lija unagwetsa botolo m'shedi, unadziwa?"

Ndinangozyolika.

"Miyezi isanu ndi itatu," anatero. "Lachinayi lija ndikanakukhululukira pompano, Mzime, tonse ndife anthu. Koma miyezi isanu ndi itatu ukundiona ndikutukwanidwa mumsika, iwe uli phee? Ukanabwera n'kundinong'oneza ine ndekha, tikanapeza njira dzina lisanafe."

Basi inafika. Anakwera n'kukakhala mbali inayo, kumene sindikanatha kuwaona.

10

Papita miyezi inayi tsopano. Sopo akuyenda bwino pa dzina latsopano, pepala lake lili ndi duwa. Amuna anga ndi achemwali amaimbirana foni, amaseka, ana amapita kukacheza Loweruka. Ine ndikaimba amayankha, amafunsa ngati ana ali bwino, kenako amati mgolo uli pamoto. Sopo wawo wa m'shedi amagulitsa wopanda pepala, wopanda dzina, ndipo ndamva kuti wogula watsopano akafunsa kuti ndi sopo wanji, amangoti ndi sopo.

Owerenga anzanga, ine kale ndinkaganiza kuti chilungamo chimadikira, kuti tsiku lililonse ndikalimba mtima ndidzachipeza pomwe ndinachisiya. Si choncho ayi. Pali nthawi imene kunena zoona kukanangondipweteka ine ndekha, ndipo nthawi imeneyo ndinaidya ndi mantha. Lero ndikanena ndiye kuti ndawabera achemwali kachiwiri. Ndikakhala chete ndiye kuti asenzabe manyazi anga. Ndatembenuza nkhaniyi mbali zonse, khomo sindikuliona. Ngati pali kanthu kamene mukuti mudzanena mawa, ndikukupemphani, kaneneni lero, wina wokukondani asanakusenzereni.

Ndipo musaganize kuti chilango changa n'kukalipiridwa. Palibe amandikalipira. Amuna anga amauza aliyense wobwera kunyumba za kulimba mtima kwa alamu awo, kuti anthu oona mtima chotere atsala ochepa, n'kunditembenukira kuti, "Si choncho, Sekeletale?" Ine ndimati ndi choncho.

Masabata atatu apitawo anabwera kuchokera m'tauni ndi kabokosi kokutidwa bwino. Anali magalasi owerengera.

"Ukawapatse alamu," anatero. "Ukawauze kuti asamachite manyazi, maso amatha aliyense. Ukapereke wekha, kwa iwe alandira bwino."

Kawiri ndafika nawo mpaka pakhomo la shedi, kumva kuvundula m'kati, n'kubwerera. Akadali m'chikwama changa, ndipo dzulo amuna anga andifunsa ngati akuwakwana.